Fundi Sufiyani, Telala wa pa Wilibala

Ku Liwaladzi kuno mukafunsa mwana aliyense kuti Fundi Sufiyani anali ndani, sakuuzani kuti anali telala. Akuuzani kuti ndi agogo aja ankathamanga ndi makina osokera pa wilibala. Ndipo mwanayo sakhala akunama. Zaka zonse zimene ndinawadziwa bambo amenewa, sanasokerepo pamalo amodzi masiku awiri otsatizana.

Ine ndine Amake Mwawi. Nyumba yanga imayang'anana ndi yawo, pakati pathu pali kanjira kamchenga basi. Mwina mukuti ndinali ndi mwayi, telala pakhomo pomwepo. Mwayi wa chiyani? Diresi langa la ku Mvano anandiyeza pansi pa mango kuseri kwa nyumba yawo, kuliyesa ndinakaliyesera kuseri kwa khola la mbuzi la achimwene awo, ndipo kulitenga ndinachita kuwoloka dimba la mpunga, matope mpaka m'mawondo. Ndinawapeza ali phee pachulu, dzanja likupukusa makina, maso ali kumsewu.

"A Fundi, mundipha ine! Bwanji osangokhala pakhonde ngati matelala anzanu?"

"Amake Mwawi, tsitsani mawu. Telala wake uti? Ine ndikungopuma pano ndi katundu wanga."

"Nanga diresi lili m'manja mwanulo?"

"Ili ndi la mlendo. Mlendo akabwera ndi nsalu pakhomo ndimuthamangitse?"

Chimene ankaopa chinali chimodzi chokha: kuti tsiku lina a khonsolo adzafika, adzafunsa layisensi ya bizinesi, akaona kuti palibe n'kunyamula makina. Anali makina akuda, opukusa ndi dzanja, maluwa ake agolide atafufutika kalekale. Ndiwo ankadyetsa banja lonse, iwowo, akazi awo a Mariamu ndi mwana wawo wamkazi Ummy. Ndiye a Fundi anadzipangira lamulo lawolawo. Ati boma limalemba chinthu chimene lachipeza pamalo omwewo kawiri. Chikapezeka lero apa, mawa apo, imeneyo si bizinesi, ndi katundu wa paulendo. Loya amene anawauza zimenezi sitinamuonepo.

Choncho ukafuna kusoketsa unkayamba ndi kuyang'ana pansi. Tayala la wilibala linkasiya mkukuluzi pamchenga, ndipo apa ndi apo pankagwa tizidutswa ta nsalu. Mmawa uliwonse munkaona amayi, zitenje zili m'khwapa, mitu ili pansi, akulondola mkukuluziwo ngati asowetsa mbuzi. Mayi wina wochokera ku Nkhunga, wosadziwa mudzi uno, analondola tayala lolakwika mpaka anakafika pamene anyamata ankamanga nyumba. Anapereka nsalu yake kwa mmisiri wa njerwa n'kumuuza kuti manja akhale otukumuka.

Kufunsa a Mariamu kunali kutaya nthawi. Ukati, "A Fundi ali kuti lero?" ankangopitiriza kupeta mpunga wawo.

"Mukawapeza muwauze kuti tiyi wazizira."

Koma kusoka ankakudziwa, zimenezo ndisawalande. Ndiye chifukwa chake tinkalolera kuyenda. Mkanjo wa a Fundi unkagwa bwino pathupi, ndipo msoko wawo sunkamasuka ngakhale uuchapire pamwala chaka chonse. Idi ikayandikira, mudzi wonse unkakhala paulendo. Amuna, akazi, ana, aliyense akufunsa mnzake kuti wawaona kuti, wina akuti kumanda kuja, wina akuti ayi achokako, alowera kwa opala mabwato.

Ummy atamaliza sukulu anaganiza zowathandiza bambo ake. Anatenga thabwa, nagula penti, nalemba bwinobwino kuti pano timasoka mikanjo, madiresi ndi mayunifolomu, dzina la Sufiyani lili pamwamba m'zilembo zikuluzikulu. A Fundi atachiona chikwangwanicho anavula kofiya n'kudzikupiza nayo.

"Astaghfirullah! Mwana iwe, ukuwaitana ndi dzina langa lomwe?"

"Ababa, anthu akuvutika kukupezani."

"Eya! Akuvutika. Ndiye kuti zikuyenda bwino."

Dzuwa lisanapendeke thabwa lija linali litasanduka chitseko cha khola la nkhuku, zilembo zitayang'ana mkati.

Mdani wawo wamkulu anali Raston, mnyamata wa khonsolo amene ankayendera mbali ino kudulitsa malayisensi. Ankabwera panjinga yamoto, kachikwama kali pamsana. Ndinene zoona, anali mwana waulemu, sindinamumvepo akukweza mawu kwa munthu. Koma a Fundi sankadikira kuti aone ulemu wake. Akangomva phokoso la njinga yamoto likupatuka pamsewu wa tala, ankazula mapazi. Vuto linali lakuti masiku ano njinga zamoto zachuluka, aliyense ndi kabaza. Anathawapo azaumoyo obwera ndi katemera wa ana. Anathawapo mlangizi wa ulimi. Anathawapo mwana wa mlongo wawo weniweni amene ankawabweretsera thumba la chinangwa, moti mnyamatayo anawathamangitsa mudzi wonse akukuwa kuti amalume, ndine, iwo n'kumawonjezera liwiro.

Koma yoiwalika movuta ndi ya bambo Tahiru. A Tahiru ndi munthu wamkulu thupi, wolemekezeka, amakhala mzere wakutsogolo kumzikiti. Lachisanu lina akupita ku swala, buluku lawo linang'ambika kumbuyo pokwera njinga. Mwamwayi tsiku limenelo a Fundi sanapite kutali, anali kwawo kuseri kwa mpanda.

"Fundi, msanga, nthawi yatha."

"Vulani. Amake Ummy, abwerekeni chitenje alendowa."

A Tahiru anakhala pamtondo, atadzikulunga chitenje chamaluwa ofiira, akuyang'anira buluku lawo likulowa pansi pa singano. Basi kumsewu kuja njinga yamoto inalira. Ine ndinali pakhomo panga, ndinaona ndi maso angawa. Chipata chinatseguka, wilibala inatuluka ngati yaponyedwa, mwendo umodzi wa buluku ukukwekwereka pamchenga. Pambuyo pake a Tahiru, dzanja limodzi lagwira chitenje, lina lagwira kofiya, mimba ikugwedezeka.

"Fundi! Buluku langa! Wallahi, Fundi, imani!"

"Thamangani mundipeze kwa opala mabwato, ndikamalizira komweko!"

Anadutsa pamjigo pomwe amayi anali pamzere, anadutsa kutsogolo kwa mzikiti anthu akutawasa, kusamba kokonzekera swala kuja. Wa njinga uja anali wogulitsa buledi. A Tahiru sanawalankhule a Fundi mpaka mpunga unapsa, koma buluku lija akuvalabe mpaka lero, msoko uli gwa.

Raston sanatope. Ankafika pakhomo, kupereka moni kwa a Mariamu, kupatsidwa mpando, n'kumayang'ana mkukuluzi wa tayala ukuzungulira nyumba kulowera kuthengo. Tsiku lina anaganiza zoulondola. Unamutsogolera mpaka kugombe, ndipo kumeneko anapeza wilibala ili yokha. A Fundi anali pamadzi, m'bwato la msodzi wina, makina ali pamiyendo, akupinda m'mphepete mwa diresi. Linali dzuwa la masana, mwera utayamba kale kutokosa nyanja.

"Bambo Sufiyani!" anakuwa Raston, nsapato zili m'manja. "Ndikungofuna tilankhulane!"

"Lankhulani, mwana wanga, ndikumva!"

"Bwerani kumtunda!"

"Tandiuzani kaye, pamene ndakhala panopa ndi pa khonsolo iti?"

Asodzi amene ankasoka maukonde anagwa nako kuseka. Koma kuseka kunatha msanga. Funde linabwera lalikulu, bwato linapendekera, ndipo asodziwo anangoona a Fundi akukumbatira makina ndi thupi lonse, madzi akuwakhuthukira pamsana. Diresi la eni ake linapita. Makina anapulumuka, koma anamwa madzi. Sabata yonse anali pamphasa m'nyumba, atamasulidwa kachidutswa kalikonse, a Fundi akupukuta dzimbiri ndi kansanza. Tsiku limenelo ndi limene ndinamva a Mariamu akukalipa koyamba, mawu mpaka kufika pakhomo panga.

"Amene adzatilande makinawa si a khonsolo ayi, ndi inuyo! Mudzawaponya m'nyanja ndi manja anu!"

Ine ndinati tsopano amva. Kumva kuti? Makina atangoyamba kulira, wilibala inatulukanso.

Kenaka kunatsegulidwa kasukulu ka pulayiveti chakumsewu kuja. Eni ake anafuna telala wosoka mayunifolomu a ana onse, ndipo anabwera kwa Ummy, amene tsopano ankasoka bwino ngati bambo ake. Eni sukuluwo anangopempha chinthu chimodzi, kuti aone mapepala: layisensi ya khonsolo ndi nambala ya msonkho, poti iwonso amafunsidwa kumene agula zinthu. Ummy anawapempha bambo ake, anawanyengerera, analira. Iwo anangoti akalembetsa dzina ndiye kuti awauza okha a boma pamene makina amagona. Ntchito ija inapita kwa telala wa ku Benga. Ummy anakhala masiku osadya nawo mbale imodzi, ndipo ine ndinali mbali yake. Ndinawauza pamaso kuti ndi nkhalamba youma mutu. Anandiyankha kuti zikomo, n'kundifunsa ngati mkono wa bulauzi yanga ukundikwana.

Chimene chinawagonjetsa si Raston, si Ummy, si ine. Anali mawondo. Nyamakazi inawalowa pang'onopang'ono, ulendo wa wilibala unayamba kufupika. Kwa opala mabwato anasiya kufikako. Kenaka dimba la mpunga linatalika. Ankangozungulira nyumba yawo ndi ya achimwene awo, akupumira m'njira, koma kuima osaima.

Mmawa wina wa mwezi wotentha njinga yamoto inapatuka, ndipo ulendo uno anali Raston weniweni. A Fundi ananyamula mikono ya wilibala n'kulowera kanjira kopita kudambo. Pamene pali mchenga wambiri paja tayala linatitimira. Anakankha, linakana. Anakoka, linakana. Mawondo anawagwetsa pansi. Raston atafika anawapeza atagwada, manja onse atakumbatira makina, kofiya ili pamchenga. Zimene analankhulana anandiuza ndi a Fundi eni ake pambuyo pake.

"Tengani ine," anatero. "Makinawa asiyeni."

"Bambo, ndiwatengere chiyani makina anu?"

"Musandinamize, mwana wanga. Ndinaona ndi maso anga."

Ndiye anamuuza nkhani imene ngakhale ine, woyandikana nawo zaka zonsezi, sindinkaidziwa. Bambo awo analinso telala, ku boma, pakhonde pa nyumba yawo. Anali ndi makina aakulu opalasa ndi mapazi, ndipo poopa akuba anazika miyendo yake yachitsulo mu simenti. Kalekale, a Fundi ali mwana, kunabwera anthu otolera msonkho. Ogulitsa ena ananyamula katundu wawo n'kuthawa. Bambo awo sakanatha. Anthu aja anagumula simenti ndi nyundo, nakweza makina pagalimoto, mwana akukakamira mwendo umodzi mpaka anachita kumumasula zala. Pakhonde panatsala maenje anayi. Bambo awo sanasokenso. Ankangotulutsa mpando mmawa n'kukhala pafupi ndi maenjewo mpaka tsiku limene anamwalira.

Raston anatola kofiya, naikuntha mchenga, nawapatsa ndi manja awiri.

"Bambo, zakalezo ine sindinabadwe, sindingazikane. Koma taonani chikwama changachi. Muli buku la malisiti ndi cholembera. Nyundo mulibe."

"Ndiye mwandithamangitsiranji zaka zonsezi?"

"Ine sindinkathamanga, bambo, munkathamanga ndi inuyo. Bizinesi ya pakhomo ndi bizinesi ndithu, kaya muli pakhonde, kaya pachulu, kaya m'bwato. Kuthawa sikuichotsa m'lamulo. Koma mukadula layisensi n'kuipachika pakhoma, ndiye kuti muli ndi chowaonetsa onse obwera kudzafunsa. Mumakhala pansi, n'kumasoka."

"Nanga msonkho?"

"Umenewo ndi wa ofesi ina. Amayang'ana kukula kwa malonda, wamng'ono sayesedwa ndi muyeso wa wamkulu. Pitani ndi Ummy mukalembetse, akakuuzani mbali yanu."

A Fundi anavala kofiya yawo. Kenaka anati miyendo yawo yakana, sangathe kubweza wilibala kunyumba. Raston anasiya njinga yake patchire pomwepo, nazula tayala mumchenga, nayamba kukankha. A Fundi ankatsimphina pambali, dzanja lili pamakina.

Tsopano ganizani mmene ine ndinazionera. Ndikusesa pakhomo, ndingoona wa khonsolo akukankha makina a Fundi, mwini wake akutsatira pambuyo nkhope ili yonyowa. Magazi anandithamangira kumutu. Ndinatuluka ndi tsache lomwelo.

"Iwe! Siya pansi! Ulibe manyazi, kulanda nkhalamba? Amayi, tulukani, awalanda a Fundi!"

Ndinamukwapula kawiri pamsana, kachitatu pachikwama. Amayi anatuluka m'nyumba zonse, wina ndi chikuni, wina ndi musi. A Tahiru anabwera akuthamanga, ulendo uno atavala. Raston sanasiye mikono ya wilibala poopa kugwetsa makina, ankangobisa mutu m'mapewa.

"Amake Mwawi, mundiphera mlendo!" anakuwa a Fundi. "Akundiperekeza kunyumba!"

Ndinatsitsa tsache. Kupepesa sindinapepese, ndipo Raston mpaka lero akandiona amayamba wayang'ana chimene ndanyamula.

Sabata yotsatira a Fundi anavala mkanjo woyera n'kukwera minibasi ndi Ummy kupita ku boma. Makina anawasiya m'nyumba mwanga, pansi pa bedi, ati kuchitira mwina. Ummy akuti mu ofesi muja bambo ake anayankha mafunso onse mwamantha, koma pomaliza anamuuza wolemba uja kuti kolala ya shati yake anaisoka mopotoka, abwere nayo ku Liwaladzi. Anabwerako ndi mapepala awo. Layisensi anaiika m'pulasitiki n'kuikhomera pakhoma la khonde. Thabwa lija linachoka ku khola la nkhuku, Ummy analitsuka ndi phulusa, nalipachika pamwamba pa khomo. Chaka chotsatira mayunifolomu a kasukulu kaja anasokedwa pakhonde limenelo.

Koma musaganize kuti munthu amasintha ndi pepala. Mmawa uliwonse a Fundi ankasuntha tebulo la makina pang'ono, lero chakumanzere, mawa chakumanja. Mapazi awo pansi pa tebulo sankakhazikika. Ndipo njinga yamoto ikalira kumsewu, dzanja lawo linkasiya chopukusira n'kupapasa m'mbali kufuna mkono wa wilibala. Kenaka ankacheuka, kuyang'ana pepala lija pakhoma, n'kupuma mozama. Raston anaziona zimenezo tsiku lina. Kuyambira pamenepo akamabwera mbali ino, ankazimitsa injini pamsewu wa tala n'kukankha njinga yake ndi manja mumchenga monse mpaka pakhomo pa a Fundi, thukuta lili kamukamu. Ankamwa tiyi wa a Mariamu, amene tsopano ankamwedwa ali wotentha.

A Fundi anatisiya mvula isanagwe, chaka chatha. Anadwala masiku ochepa. Mmawa wa tsiku lomaliza anamuuza Ummy kuti athire mafuta m'makina, madzulo asanafike anali atapita. Amuna atanyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, anayenda mofulumira monga mwa mwambo wawo, ndipo a Tahiru, misozi ikutsika m'ndevu, anati paulendo uwu wokha ndi pamene Fundi walola kuti timupeze tonse. Anthu anaseka pang'ono, kenaka analira kwambiri. Ine ndinalira mokweza, sindibisa.

Lero kusoketsa ku Liwaladzi n'kosavuta. Ndimangowoloka kanjira, Ummy ali pakhonde, makina akuda aja akulira pamalo pomwe anali dzulo. Palibe matope, palibe kulondola tayala, palibe woti ndimukalipire. Mchenga wa m'njira zathu uli ndi mapazi a anthu ndi a mbuzi basi. Wilibala inatsamira khoma kuseri, tayala linaphwa, nkhuku ikuikiramo mazira. Ndinkadandaula zaka zonsezo kuti andiyendetsa, tsopano ndimadzuka mmawa n'kupezeka ndikuyang'ana pansi, ndipo mtima umandiwawa.

Mwezi wathawu ndikuanika mpunga ndinaona munthu akubwera chapansi kuchokera kumsewu, akukankha njinga yamoto mumchenga, dzuwa likuswa mtengo. Anali Raston, kudzadulitsa layisensi ya chaka chino, imene tsopano ili m'dzina la Ummy.

"Iwe Raston," ndinatero, "ukudzivutitsiranji? Amene unkaopa kuwadzidzimutsa aja kulibe. Liza njinga yakoyo."

Anaima, napukuta nkhope ndi mkono wa shati, nayang'ana pakhonde pamene panali makina.

"Ndikudziwa, mayi," anatero. "Pamsewu paja ndinayesa. Dzanja linazimitsa lokha."

Ndinamusiya adutse, ndipo anakankhabe mpaka pakhomo.